Edwin Armstrong: mwana wodwala amene nzeru zake zili m'wailesi yanu

Mukatsegula wailesi ya FM n'kumva mawu oyera ngakhale kunja kukugunda mabingu, dziwani kuti mukudyerera thukuta la munthu wina wa ku America, Edwin Howard Armstrong. Nzeru zake zilinso m'kachipangizo kotchipa kamene okonda za wailesi m'maiko ambiri amalumikiza ku Raspberry Pi, kompyuta yaing'ono ngati khadi la kubanki, kuti azitsatira ndege ndi masetilaiti. Inu makolo ndi mavolontiya a zaumoyo, mbiri ya bamboyu ikukukhudzani chifukwa inayambira pa matenda amene mpaka lero akugwirabe ana athu.

Matenda a paubwana

Armstrong anabadwa pa 18 Disembala 1890 mumzinda wa New York. Bambo ake ankagwira ntchito kunthambi ya kampani yosindikiza mabuku ya Oxford University Press. Ali ndi zaka 8 anadwala matenda otchedwa Sydenham's chorea, amene amachititsa manja, miyendo ndi nkhope kugwedezeka zokha mwanayo asakufuna. Makolo ake anamuchotsa kusukulu ndipo anaphunzirira kunyumba kwa zaka ziwiri. Anachira, koma anatsala ndi kugwedezeka kwina kumene kunkaonekera kwambiri akasangalala kapena akapanikizika maganizo.

Matendawa ndi chimodzi mwa zizindikiro za rheumatic fever. Amayamba ndi zilonda zapakhosi zobwera ndi mabakiteriya a Streptococcus a gulu A. Zilondazo zikapanda kuchizidwa, chitetezo cha m'thupi chimatha kusokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mfundo za mafupa, ubongo ndi mavavu a mtima wa mwanayo. Kugwedezekako kumatha kubwera patapita miyezi, pakhosi pataiwalika kale, n'chifukwa chake ena amakuyesa khunyu, mwano kapena ufiti. Nthawi ya ubwana wa Armstrong kunalibe penisilini. Lero alipo.

Chipinda cha kudenga

Pofuna mpweya wabwino, banjalo linasamukira ku Yonkers, m'nyumba yoyang'anana ndi mtsinje wa Hudson. Kumeneko mnyamatayo anatengeka ndi nkhani za Marconi ndi mauthenga opanda waya. Chipinda cha kudenga anachidzaza ndi mawaya ndi mabatire, ndipo pabwalo anaimika mlongoti wautali wa eriyo umene ankaukwera yekha, anansi mitima ili m'mwamba.

Mu 1909 analowa pa yunivesite ya Columbia kukaphunzira za magetsi. Masiku amenewo mauthenga a wailesi ankamveka motsika kwambiri, munthu atavala mahedifoni n'kutchera khutu. Panali kachubu kagalasi kotchedwa Audion, kamene Lee de Forest anapanga, koma kankakweza mawu pang'ono chabe. Mu 1912 Armstrong, akadali wophunzira, anayesa kubweza gawo la mphamvu yotuluka m'kachubuko kuti ilowenso kumene inalowera. Uthengawo unazungulira mobwerezabwereza n'kukula kwambiri, mpaka masiteshoni akutali anayamba kumveka bwino. Njirayi imatchedwa regeneration.

Bambo ake anakana kumupatsa ndalama zolembetsera patent, chiphaso cha umwini wa luso, mpaka atamaliza sukulu. Anamaliza mu 1913 ndipo chiphasocho chinatuluka mu 1914. Koma de Forest anati nzeruyo inali yake, ndipo mlandu unayenda zaka zambiri. Mu 1934 khoti lalikulu la America linagamula mokomera de Forest. Armstrong anafuna kubweza mendulo imene bungwe la mainjiniya a wailesi linamupatsa mu 1917, koma anzakewo anakana kuilandira, kusonyeza kuti kwa iwo mwini nzeruyo anali iyeyo.

Nzeru ziwiri zimene zakhalitsa

Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, Armstrong anatumikira m'gulu la asilikali a za mauthenga ku Paris. Kumeneko mu 1918 anakonza njira yotchedwa superheterodyne. Mafunde ena a wailesi amanjenjemera mofulumira kwambiri moti machubu a nthawiyo ankalephera kuwakweza. Ngati munamvapo zingwe ziwiri za gitala zosiyana kachunidwe pang'ono zikulira pamodzi, mukudziwa kugunda kwa pang'onopang'ono kumene kumamveka pakati pake. Iye anachita chimodzimodzi: anasakaniza funde lochokera kunja ndi lina lopangidwa m'wailesi momwemo, n'kupeza funde lachitatu lodekha, losavuta kulisefa ndi kulikweza. Mawailesi ambiri amagwira ntchito motere mpaka lero. Atakwatira Marion MacInnis mu 1923, mphatso yake kwa mkaziyo inali wailesi yonyamulika ya mtundu umenewu.

Vuto lotsala linali phokoso. Pa wailesi ya AM, mawu amanyamulidwa posintha mphamvu ya funde. Mphezi ndi makina a magetsi nazonso zimasintha mphamvu yomweyo, ndiye wailesi imalira chekecheke. Armstrong ananyamula mawu posintha liwiro la kunjenjemera kwa funde, ndipo analipatsa mpata waukulu woyendamo, pamene akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti mpatawo uyenera kuchepa. Wailesi yolandira inkangonyalanyaza kusintha kwa mphamvu, phokoso n'kutsala panjira. Iyi ndiyo FM, ndipo ziphaso zake analandira mu Disembala 1933.

Milandu ndi imfa

Kampani ya RCA inamulola kuyesera FM pa nyumba yosanja ya Empire State, koma mu 1935 inamuuza achotse zida zake kuti ipereke malo ku kanema. Iye anamanga mlongoti wake wa mamita pafupifupi 130 ku Alpine, New Jersey, ndi ndalama za m'thumba mwake. Pa nkhondo yachiwiri analola asilikali a dziko lake kugwiritsa ntchito FM osalipira. Mu 1945 boma linasamutsira FM ku malo atsopano, amene lero timawadziwa kuti 88 mpaka 108 MHz, ndipo mawailesi a FM amene anthu anali atagula kale anasanduka opanda ntchito.

Mu 1948 anasumira RCA ndi NBC kuti zikugwiritsa ntchito luso lake popanda chilolezo. Mlanduwo unamudyera chuma, nthawi ndi mtendere wa m'banja. Usiku wa pa 31 Januwale 1954, ali ndi zaka 63, Armstrong anadzipha. Marion anapitiriza milanduyo: RCA inalipira ndalama zoposa pang'ono madola 1 miliyoni, ndipo mlandu womaliza, wa Motorola, unatha momukomera mu 1967. Chilungamo chinabwera mwini wake atapita kale. Munthu wanzeru ndi wolimba mtima amathanso kuthodwa. Wina akamanena zoti watopa ndi moyo, khalani naye, mumvetsereni, ndipo pitani naye kuchipatala.

Kumene ntchito yake ili lero

Kachipangizo kaja kamatchedwa RTL-SDR ndipo kamaoneka ngati fulashi. Poyamba kanapangidwa kuti anthu azionera kanema pa kompyuta, koma cha m'ma 2012 okonda kufufuza anafalitsa njira yokasandutsira wailesi yogwira mafunde osiyanasiyana. Mkati mwa zipangizo zambiri zotere, funde lochokera ku eriyo limatsitsidwa kaye mwa njira ya superheterodyne ija. Kenako limasandutsidwa manambala, ndipo pulogalamu ya pa kompyuta ndiyo imatulutsa mawu kapena zithunzi. N'chifukwa chake amati ndi wailesi yoyendetsedwa ndi pulogalamu, kapena kuti SDR.

Kachipangizoka mukakalumikiza ku Raspberry Pi ndi eriyo ya mawaya, mutha kumvera FM, kuona pa mapu ndege zimene zikulengeza pamene zili pa 1090 MHz, kapena kulandira zithunzi za mitambo kuchokera ku masetilaiti ena a zanyengo cha pa 137 MHz. Kamangolandira, sikaulutsa. Zimene Armstrong ankachita ndi chipinda chodzaza zida, mwana wa sekondale angazichite patebulo limodzi.

M'mera mpoyamba. Mwana wanu, makamaka wa zaka 5 mpaka 15, akadandaula pakhosi ndi kutentha thupi, pitani naye kuchipatala, ndipo akapatsidwa mankhwala amalize onse. Mukaona manja akugwedezeka okha, akugwetsa kapu kapena zolemba zake zaipa mwadzidzidzi, musamukalipire. Akapimidwe, ndi mtima womwe. Wopezeka ndi matendawa amabayidwa jakisoni wa penisilini pafupifupi mwezi uliwonse kwa zaka zingapo kuti mtima wake utetezeke, ndipo inu mavolontiya mungathandize kuti asadumphe tsiku. Akakhala kunyumba akuchira n'kupempha wailesi yakufa ija kuti aimasule, chotsani mabatire ndi chingwe cha magetsi, kenako mupatseni.