Mai Julia Chikamoneka ndi Mzinda wa Lusaka

Ana a sukulu akamakonza ulendo wokaona Lusaka, amaganiza za nyumba zazitali ndi magalimoto ambirimbiri. Zimenezo mudzazionadi. Koma musanakwere basi, yambani mwamva mbiri ya mai wina amene anayenda ndi miyendo m'miseu yomweyo, masiku amene munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pa khomo liri lonse.

Dzina lao linali Julia Mulenga Nsofwa. Anabadwira ku dziko la Abemba, kufupi ndi Kasama, ca m'ma 1910. Sanaphunzire kwambiri m'sukulu monga mucitira inu. M'caka ca 1938 anadza ku Lusaka pamodzi ndi amuna ao, nayamba kugulitsa zakudya pa msika.

Nthawi imeneyo Lusaka anali mzinda watsopano, pakuti Boma linali litasamukira kumeneko kucokera ku Livingstone m'caka ca 1935. Azungu anamanga nyumba zao pa mtunda, ndipo pambuyo pace anafalikira ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Anchito akuda anawamangira tinyumba tozungulira taudzu ku Kabwata, ta cipinda cimodzi cokha. M'masitolo ambiri, makamaka ogulitsa nyama, munthu wakuda anali kuima panja, napereka ndalama zace pa kazenera, nalandira ciri conse cimene wogulitsa wamponyera.

Mai Julia ataona zimenezi, mtima unawapweteka. Analowa cipani ca African National Congress, cimene mtsogoleri wace anali Harry Nkumbula, ndipo pambuyo pace analowa ca UNIP, ca Kenneth Kaunda. Anali kuyenda usiku m'makomboni alikuliza citini ca miyala, kuitana akazi anzao ku misonkhano. Anali kuima pa makomo a masitolo a nyama, kupempha anthu kuti asagule kufikira tsiku limene adzalowa pa khomo monga ena onse. Apolisi anawagwira nawatsekera kangapo, koma potuluka anali kuyambanso nchito yomweyo. Dzina limene anachuka nalo, la Chikamoneka, m'Cibemba litanthauza kuti cidzaoneka. Ena anali kuwachula kuti Mama UNIP.

Tsiku lao lalikuru linafika m'mwezi wa March, caka ca 1960. Iain Macleod, nduna ya ku Mangalande yoyang'anira maiko olamulidwa ndi Angelezi, anadza ku Lusaka. Anthu akuda anali kukana Citaganya, cimene cinaphatikiza dziko lino ndi Southern Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953. Pa bwalo la ndege Mai Julia ndi anzao anabvula zobvala za kumtunda, naima pamaso pa mlendoyo. Kwathu kuno munthu wamkuru sacita cotero mwacibwana: ndico cizindikiro ca cisoni ndi mkwiyo woposa mau. Mbiri yace inamveka kutali.

Citaganya cinatha m'caka ca 1963, ndipo pa 24 October, 1964, dziko linalandira ufulu, nilichedwa Zambia. Cimene dzina lao linali kunena cinaonekadi, iwo ali ndi moyo. Anamwalira m'caka ca 1986, ndipo Boma linawaika m'manda mwaulemu waukuru.

Tsono mukamakonza ulendo wanu ndi aphunzitsi, tsiku limodzi likwanira, mukalawira. Yambani pa Cairo Road. Polowa m'sitolo pa khomo, kumbukirani kazenera kaja. Mukacoka apo, tsatani Independence Avenue kufikira pa cifanizo ca munthu wodula maunyolo, cochedwa Freedom Statue, cimene anaciimika m'caka ca 1974. Pafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa m'caka ca 1996. M'menemo mudzaphunzira zambiri za nkhondo ya ufulu.

Dzuwa likafika pamutu, pitani ku Kabwata Cultural Village. Kumeneko anasiyako tina mwa tinyumba tozungulira tija, ndipo lero amisiri asema ndi kugulitsa ng'oma, mitondo ndi zifanizo za nyama. Suzumirani m'kanyumba kamodzi, muyese kuganiza m'mene munthu ndi katundu wace yense anali kukwanira m'menemo. Potsiriza fikani ku Chilenje, pa nyumba ya nambala 394, m'mene Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 kufikira 1962. Mudzaona kuti ndi nyumba yaing'ono ndithu, yonga ya munthu wamba ali yense.

Mutenge kabuku ndi pensulo, madzi akumwa ndi kamba wa pa njira. Musasiyane ndi anzanu, ndipo podumpha mseu yang'anani uku ndi uku. Mukabwerera kwanu, mukafotokozere makolo anu zimene mwaona, osaiwala dzina la mai wa citini ca miyala uja.

Mafunso

1. Kodi anthu akuda anali kugula bwanji nyama Mai Julia atangofika ku Lusaka?
2. Cifukwa ninji Mai Julia anali kuliza citini usiku?
3. Lembani malo anai amene mufuna kukaona, motsatana monga mudzayendera.