Ambuye John Hughes, wolima dimba amene adakhala Arkiepiskopi wa New York (1797–1864)

Chaka ndi chaka, pa 17 Malichi, tsiku la Patrick Woyera nkhoswe ya dziko la Ireland, mzinda wa New York ku America umadzaza ndi mdipiti waukulu wa Aairishi ndi zidzukulu zao. Mwambowu ngwakale ndithu, pakuti udayamba m'chaka cha 1762, America isadadziimire payokha. Patsogolo pamaguba asilikali a gulu la 69, ndipo pambuyo pao pamadza oimba zitoliro ndi ng'oma, ana a sukulu, apolisi, ozimitsa moto, ndi mabungwe a zigawo za ku Ireland, lililonse ndi mbendera yake. Chaka chilichonse amasankhanso munthu mmodzi amene wautumikira bwino mtundu wao, namuveka lamba wansalu pachifuwa, kuti ayende monga mkulu wa mdipiti. Anthu onsewa akafika pa Katedrale ya Patrick Woyera, mu msewu wa Fifth Avenue, amapeza Arkiepiskopi wa mzindawo ataima pa makwerero kuti awalonjere. Pansi pa guwa lalikulu la tchalitchi chimenechi pagona munthu amene adachiyamba, amenenso adaphunzitsa mtundu wonyozekawo kuyenda poyera wosaweramitsa mutu. Dzina lake ndi John Hughes.

Iye adabadwa pa 24 Juni 1797 ku Annaloghan, m'chigawo cha Tyrone, kumpoto kwa Ireland, ndipo adali wachitatu mwa ana asanu ndi awiri a Patrick ndi Margaret Hughes. Bambo ake ankalima munda wa eni ake naombanso nsalu. Masiku amenewo dzikolo lidali m'manja mwa Angelezi, ndipo malamulo akale opondereza Akatolika adali asadathe mphamvu. Pamene mlongo wake Mary adamwalira, wansembe sadaloledwe kulowa m'manda. Adaima kunja kwa chipata, nadalitsa dothi lodzaza dzanja, napatsira munthu wamba kuti akaliwaze pa bokosi. Mnyamatayo adaziona zimenezi ndi maso ake, ndipo mpaka ukalamba sadaziiwale. Wofuna kumvetsa ukali wa munthu ameneyu ayambire pa chipata cha manda chija.

Mu 1816 bambo ake adaoloka nyanja nakakhala ku Chambersburg, m'dera la Pennsylvania, ndipo John adawalondola mu 1817. Kumeneko adagwira ntchito ya manja, kuphwanya miyala ndi kukonza misewu. Mtima wake udali pa unsembe, choncho adakagogoda ku seminale ya Mount Saint Mary's ku Emmitsburg. Mkulu wa seminaleyo, Bambo John Dubois, wochokera ku France, adamkaniza ponena kuti malo palibe, koma mu 1819 adamlemba ntchito yoyang'anira dimba. Kuona maso a nkhono nkudekha: mnyamatayo adagwira khasu, buku lili pambali. Pafupi pomwepo padali nyumba ya asisitere imene adaiyambitsa Mai Elizabeth Ann Seton, amene Papa Paulo VI adamlemba m'kaundula wa oyera mu 1975. Maiwo adaona nzeru za wolima dimbayo nampepesera kwa Dubois, ndipo mu 1820 adalandiridwa kukhala wophunzira. Adadzozedwa unsembe pa 15 Okutobala 1826 ku Philadelphia.

Ku Philadelphia adatchuka msanga: adamanga tchalitchi cha Yohane Woyera Mlaliki, ndipo adatsutsana poyera, m'nyuzipepala ndi pamaso pa anthu, ndi mbusa wa Chipresbiteriya John Breckinridge. Pa 7 Januwale 1838 adadzozedwa kukhala Episkopi wothandiza ku New York. Tsono taonani m'mene zinthu zimatembenukira: Episkopi wa New York nthawi imeneyo adali Dubois yemwe uja adampatsa khasu. Pasadapite nthawi nkhalambayo idachita sitiroko, udindo wonse nugwera Hughes, ndipo mu 1842 adalowa m'malo mwake. Dayosizi imeneyo idali ndi Akatolika pafupifupi 200,000, koma ansembe adali ngati 40 basi.

Nkhondo yake yoyamba idali ya m'nyumba momwemo. Matchalitchi adali m'manja mwa timagulu ta akhristu eni ake, osunga chuma, amene ankagwira ndalama, kulipira wansembe amene amkonda ndi kumana amene samfuna, ngongole zili kukulirakulira. Mu 1839 osunga chuma a ku katedrale yakale adafika poitana wapolisi kuti atulutse m'kalasi mphunzitsi wa katekisimu amene Episkopi adamuikamo. Ife amene timaphunzitsa katekisimu tingathe kumva manyazi a tsiku limenelo. Hughes sadapite ku bwalo la milandu. Adasonkhanitsa akhristu onse, nawakumbutsa za makolo ao amene ankamva Misa mobisala m'mapiri a Ireland kuti boma lisalamulire chipembedzo chao, nawafunsa ngati tsopano afuna kuitana boma ndi manja ao. Anthu adaima naye, ndipo mphamvu ya osunga chuma idayamba kutha kuchokera pamenepo.

Nkhondo yachiwiri idali ya sukulu. Ndalama za msonkho za maphunziro zinkapita ku bungwe lotchedwa Public School Society, ndipo m'sukulu zake ana ankawerenga Baibulo la King James pamodzi ndi mabuku onyoza Papa ndi Aairishi. Makolo ambiri adasankha kuti ana ao azingoyendayenda m'misewu kusiyana ndi kukamva zimenezo. Mu 1840 Hughes adapempha kuti sukulu za Akatolika zilandireko gawo lao, nalankhula yekha maola ambiri pamaso pa khonsolo ya mzinda, koma adagonja. Mu 1841 adachita chinthu chimene chidadzidzimutsa ambiri: masiku ochepa chisankho chisadachitike, adatchula maina a anthu oti Akatolika awavotere. Mavoti ao adali ngati 2,000 okha, koma adakwanira kugwetsa andale amene ankayesa kuti Aairishi ali m'thumba mwao. Mu 1842 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo lopereka sukulu m'manja mwa anthu osankhidwa ndi mavoti, koma lamulo lomwelo lidaletsa kupereka ndalama kwa sukulu iliyonse yophunzitsa chipembedzo. Motero adagwetsa mdani wake koma iye osatolapo kanthu, ndipo pa chipwirikiti cha masiku amenewo anthu adagenda nyumba yake. Kuyambira pamenepo adauza ansembe ake kuti pa parishi yatsopano sukulu iyambe kumangidwa, tchalitchi chibwere pambuyo. Mu 1841 adali atatsekula kale koleji ya Yohane Woyera ku Fordham, imene adaipereka kwa Ayezuiti mu 1846, ndipo lero ndi yunivesite yodziwika.

Chimene Aairishi amamkumbukira nacho koposa chidachitika mu Meyi 1844. Ku Philadelphia magulu odana ndi alendo adatentha matchalitchi a Mikaeli Woyera ndi Augustino Woyera, anthu nafa. Episkopi wa kumeneko, Francis Kenrick, munthu wofatsa, adaimitsa Misa za Lamulungu pofuna mtendere. Zitamveka kuti magulu omwewo akonza msonkhano waukulu ku New York, Hughes adaika amuna onyamula zida kuzungulira matchalitchi ake, nawalamula kuti asayambe ndewu koma asathawenso. Kenaka adachenjeza akulu a mzinda kuti tchalitchi chimodzi chokha chikapsa, New York isanduka ngati Moscow, mzinda umene udapsa mu 1812 pamene Napoleon adaulowa. Msonkhano uja udalephereka, ndipo palibe tchalitchi chimene chidapsa. Mau otere, kunena zoona, sakoma m'kamwa mwa mbusa wa nkhosa. Koma mnzake wofatsa uja adatsala ndi phulusa. Adani ake ankati kamtanda kamene Episkopi amalemba patsogolo pa dzina lake kakuoneka ngati mpeni, namutcha Dagger John, ndiye kuti John Wampeni. Dzinalo lidamkakamira.

Chaka chotsatira tsoka lidagwa ku Ireland. Anthu osauka kumeneko ankadalira mbeu imodzi, mbatata ya kachewere, yomweyi timalima m'zitunda za ku Angónia. Mu 1845 matenda adaigwira niyamba kuolera m'nthaka, ndipo pofika 1852 anthu ngati 1,000,000 adali atafa ndi njala ndi miliri, enanso oposa pamenepo atathawa m'zombo. Mu 1847 Hughes adalankhula pagulu kuti anthu asanamizire Mulungu njala imeneyi, popeza gwero lake lidali ulamuliro ndi malonda zimene zinkatulutsa chakudya m'dziko eni ake ali kufa. Othawawo adatsika ku New York ali ndi nsanza, ambiri osadziwa kuwerenga, naunjikana m'zipinda zapansi za ku Five Points. Pofika 1855, munthu mmodzi mwa anai alionse mu mzindamo adali wobadwira ku Ireland.

Apa mpomwe ntchito yake yeniyeni idaonekera, ngakhale ilibe phokoso ngati ya 1844. Adaitana asisitere a Chifundo kuchokera ku Ireland mu 1846 kuti alandire atsikana ongofika kumene ndi kuwapezera ntchito, asadagwe m'manja mwa oipa. Mu 1849 asisitere a Chikondi adatsekula chipatala cha Vincent Woyera, ndipo woyamba kuchiyang'anira adali mlongo wake weniweni, Sisitere Angela Hughes. Mu 1850 idatsekulidwa banki ya Emigrant, ndi chilimbikitso chake, kuti wantchito wa m'nyumba ndi wokumba ngalande asunge timakobiri tao ndi kutumizako kwao mosaberedwa. M'chaka chomwecho, pa 19 Julayi, Papa Pius IX adamkweza kukhala Arkiepiskopi woyamba wa New York.

Pa 15 Ogasiti 1858, tsiku la Maria Wokwezedwa Kumwamba, adaika mwala wa maziko a katedrale yatsopano, pamaso pa khamu limene amati lidafika 100,000. Malowo adali kutali ndi pakati pa mzinda, kotero kuti anthu ankaseka nati ndi kupusa kwa Hughes. Iye adadziwa kumene mzinda ukukulira. Koma ndalama zidatha mu 1860, nkhondo niyamba, makoma naima pomwepo.

Mbiri ya munthu ikanenedwa mbali imodzi imasanduka nthano, tsono tiyenera kunenanso ichi, makamaka ife a m'chigwa cha Zambezi amene abale athu ambiri adagulitsidwa ku nyanja. Pa nkhani ya ukapolo Hughes sadaime bwino. Ali mnyamata ku dimba kuja ankayang'anira akapolo a seminale, ndipo adalembapo zodandaula za ukapolo. Atakula adatsutsa anthu ofuna kuuthetsa msanga, poona kuti ambiri a iwo ankadananso ndi Akatolika, ndiponso poopa kuti omasulidwawo adzalimbirana ntchito ndi anthu ake. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya 1861 adaima ndi boma la Abraham Lincoln, mpaka adatumidwa ku Ulaya nakaonana ndi Napoleon III kuti France isathandize a kumwera. Koma adanena poyera kuti Akatolika akumenyera umodzi wa dziko, osati kumasula akapolo.

Mu Julayi 1863 boma lidayamba kutenga anthu ku nkhondo mwa maere, koma wokhala ndi madola 300 ankatha kudziombola. Osauka a ku New York, ochuluka a iwo Aairishi, adaukira kwa masiku anai, ndipo ukali wao udagwera anthu akuda. Ena adawapachika m'misewu, ndipo nyumba ya ana amasiye akuda oposa 200 adaitentha, mwai wake anawo adathawitsidwa. Anthu oposa 100 adafa. Nyumba ya ana amasiye ija idali mu Fifth Avenue momwemo, pafupi ndi msewu wa 44, pamene mdipiti wa 17 Malichi umayambira masiku ano. Ansembe ena adalowa pakati pa chipwirikiti napulumutsa anthu. Arkiepiskopi, atafooka ndi nyamakazi ndi nthenda ya impso, adaitana anthu ku nyumba yake pa 17 Julayi, nawalankhula ali chikhalire pa mpando pakhonde la pamwamba, kuwapempha kuti abwerere kwao mwa mtendere. Adammvera, koma asilikali adali atazimitsa kale motowo. Munthu amene mu 1844 adaletsa moto usadayake, ulendo uno adalankhula mochedwa.

Kumeneku kudali kuonekera kwake kotsiriza pagulu. Adamwalira pa 3 Januwale 1864, ali ndi zaka 66, naikidwa m'katedrale yakale ku Mott Street. Wolowa m'malo mwake, John McCloskey, amene pambuyo pake adakhala Kardinale woyamba wa ku America, adatsiriza katedrale yatsopano naitsekula pa 25 Meyi 1879, mzinda utafika kale pakhomo pake. Mu 1883 mafupa a John Hughes adasamutsidwa, naikidwa pansi pa guwa lalikulu la tchalitchi chimene iye adachisiya chopanda denga.