Guglielmo Marconi, mnyamata amene anapangira wailesi m'cipinda ca mbozi

Kumidzi ya ku Chadiza, wailesi ikayamba kumveka motsika, mnyamata amatenga waya wautali nkuukoleka pansungwi kapena pamtengo wa mango, basi mau abwerera. Amene anayamba kuona phindu la waya wokwezedwa cotere anali mnyamatanso, wa ku Italy, dzina lace Guglielmo Marconi.

Iye anabadwira mumzinda wa Bologna pa 25 April 1874. Atate ace, a Giuseppe, anali ndi minda yambiri. Amai ace, a Annie Jameson, anali a ku Ireland. Marconi sanatenge digiri iri yonse. Zambiri anaziphunzira pakhomo, ndipo mphunzitsi wina wamkuru, a Augusto Righi, ankamlola kuona zipangizo zao.

M'caka ca 1894 anawerenga za Heinrich Hertz, Mjeremani amene anasonyeza kuti magetsi akathetheka amatumiza mafunde osaoneka mumlengalenga. Akatswiri ankangowayesa mafundewo. Marconi anafuna kuwatuma uthenga. Anadzitsekera m'cipinda ca pamwamba pa nyumba ya makolo ace ku Pontecchio, momwe kale ankawetera mbozi zopanga ulusi wa silika, nayamba kulumikiza mawaya ndi mabatire.

Kacipangizo kace kolandirira uthenga kanali kacubu ka galasi kokhala ndi fumbi la zitsulo. Mafunde akafika, fumbilo linkagwirana, moto wa batire nkudutsa, belu nkulira, pamene panalibe waya wocokera kwa wotumiza. Koma mtunda unali waufupi zedi. M'caka ca 1895 anaturutsa zipangizozo panja. Waya umodzi anaukweza m'mwamba, wina anaulumikiza ku citsulo cokwiriridwa m'nthaka. Pamenepo uthenga unalumpha citunda nukafika pamtunda wa makilomita awiri, ndipo mkuru wace Alfonso, amene anali kuseriko, anaomba mfuti kuti mng'ono wace adziwe kuti zatheka.

Mu February 1896 anapita ku London pamodzi ndi amai ace, kumene a William Preece, injiniya wamkuru wa Positi Ofesi, anamthandiza. Ali ku St John's, Newfoundland, analengeza kuti pa 12 December 1901 anamva cilembo ca S, timadontho titatu, cocokera ku Poldhu ku England, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Waya wace tsikulo unakwezedwa ndi kaiti. Akatswiri ena amakayikabe ngati anamvadi cilemboco. M'caka ca 1909 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Karl Ferdinand Braun, ndipo sitima ya Titanic itamira m'caka ca 1912, anthu oposa 700 anapulumuka cifukwa ca uthenga wa makina a kampani yace.

Mbiri yace iri ndi banga losabisika. M'caka ca 1923 analowa cipani ca Mussolini, ndipo pamene Italy inaukira Ethiopia m'caka ca 1935, iye anaikira kumbuyo nkhondo yolanda dziko la Aafirikayo. Anamwalira ku Rome pa 20 July 1937, ndipo nyumba zambiri za wailesi zinakhala cete mphindi ziwiri pomlira.

Kuno kwathu nyumba ya wailesi ya boma inatsegulidwa ku Lusaka m'caka ca 1941, koma kumidzi kunalibe comvera. A Harry Franklin, mkuru wa zofalitsa nkhani, anayendayenda kufuna kampani yopanga wailesi yochipa, mpaka ya Ever Ready inabvomera. M'caka ca 1949 kunafika Saucepan Special, wailesi ya batire yooneka ngati poto, yopakidwa utoto wa buluu. Mtengo wace unali mapaundi 5, batire pambali.