Thomas Edison, Mnyamata wa Mafunso Ambiri

Kukada, kodi kwanu mumayatsa ciani? Ena amayatsa kandulo. Ena amayatsa nyale ya parafini. Ena amayatsa babu la magetsi. Kale kunalibe nyumba yokhala ndi malaiti. Mmodzi wa anthu amene anathandiza kubweretsa magetsi m'nyumba za anthu ndi Thomas Edison. Iye anayambitsa makampani ambiri. Ena anayenda bwino, ena anagwa. Tiyeni timve mbiri yake.

Ali mwana

Thomas Edison anabadwa pa 11 Febuluwale 1847 ku Milan, m'cigawo ca Ohio ku America. Anali mwana wotsiriza m'banja la ana 7. Atafika zaka 7, banja lao linasamukira ku tauni ya Port Huron.

Thomas anali mwana wa mafunso ambiri. Akaona cinthu, anali kufuna kudziwa mmene cimagwirira nchito. Kusukulu anangokhalako miyezi yocepa cabe. Aphunzitsi ake anaganiza kuti mwanayu sangaphunzire bwino. Koma amai ake, a Nancy, anakana zimenezo. Iwo anali mphunzitsi kale. Conco anayamba kumuphunzitsa okha kunyumba. Thomas anakonda kwambiri kuwerenga mabuku.

Nchito ya m'sitima

Ali ndi zaka 12, Thomas anayamba kugulitsa nyuzipepa ndi maswiti m'sitima. Sitimayo inali kucoka ku Port Huron m'mawa kupita ku mzinda wa Detroit. Ikafika, inali kuima maola angapo. Thomas sanali kungokhala ai. Anali kupita ku laibulale kukawerenga. Pambuyo pake anayamba kusindikiza kanyuzipepa kakekake ndi kugulitsa kwa anthu a paulendo.

Pa nthawi yomweyo makutu ake anayamba kuvuta. Kuyambira pamenepo sanali kumva bwino moyo wake wonse.

Tsiku lina mu 1862, Thomas anali pa sitesheni ya Mount Clemens. Anaona kamwana ka zaka zitatu kakusewera pa njanji. Ngolo ya sitima inali kubwera! Thomas anathamanga, nakanyamula kamwanako msangamsanga. Atate a mwanayo anali kugwira nchito pa sitesheni pomwepo. Pothokoza, anamuphunzitsa nchito ya telegalafu. Awa anali makina otumiza uthenga kutali kudzera m'waya. Masiku amenewo kunalibe foni. Thomas anagwira nchitoyi m'matauni ambiri.

Makina amene anthu anakana

Usiku anzake akagona, Edison anali kuyesa kupanga zinthu zatsopano. Anapanga makina owerenga mavoti a akuluakulu opanga malamulo. Mu 1869 boma linamupatsa cikalata coonetsa kuti makinawo anapanga ndi iye. Makinawo anali kugwira bwino nchito, ndipo anali acangu.

Koma akuluakulu aja anawakana. Iwo sanafune kuvota mofulumira. Anafuna nthawi yokambirana ndi kukopana. Palibe ngakhale mmodzi amene anagula makinawo. Nthawi ndi ndalama za Edison zinangopita pacabe.

Zinamuwawa, koma anatolapo phunziro. Anaona kuti kupanga cinthu codabwitsa sikokwanira. Coyamba ayenera kudziwa cimene anthu afuna.

Kampani yoyamba

Caka comweco Edison anapita ku New York. Anafika alibe ndalama zokwanira. Kumeneko anayambitsa kampani pamodzi ndi mnzake Franklin Pope. Amalonda a mumzindawo anali kufuna kudziwa mitengo ya malonda mwamsanga. Edison anakonza bwino makina olemba mitengoyo pa kapepala katali. Ulendo uno anthu anagula, cifukwa anali kuwafunadi.

Mu 1876 anamanga nyumba yaikulu yoyeseramo zinthu ku Menlo Park, m'cigawo ca New Jersey. Analemba nchito anthu aluso. Ena anali odziwa masamu, ena osula zitsulo, ena oumba magalasi. Edison anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga.

Makina olankhula

Mu 1877 Edison ndi anzake anapanga makina osunga mau. Munthu anali kulankhula pafupi ndi makinawo uku akupukusa cogwirira. Kasingano kanali kulemba timizere pa kacitsulo kopyapyala. Kasinganoko kakadutsanso m'timizereto, mau aja anali kumveka. Anthu anadabwa kwambiri. Makina kulankhula ngati munthu! Makinawa ndiwo kholo la galamafoni. Tangoganizani, munthu wosamva bwino ndiye anapanga makina a mau.

Babu la magetsi

Mu 1878 Edison anayambitsa kampani ina. Colinga cake cinali kupanga babu labwino. Mkati mwa babu lotere muli kaulusi kakang'ono. Magetsi akadutsamo, kaulusiko kamatentha mpaka kuwala. Anthu ena, monga Joseph Swan wa ku England, anali kuyesanso kupanga mababu. Vuto linali lakuti kaulusi kanali kupsa msanga, babu n'kuzima.

Edison ndi anzake anayesa zinthu zambirimbiri. Ici cikakana, anali kuyesa cina. Anacotsanso mpweya m'babu kuti kaulusi kasapse. Mu Okutobala 1879 anayesa ulusi wa thonje wootcha mpaka kuda ngati khala. Babu linayaka maola oposa 13. Pambuyo pake anayesa nsungwi za ku Japan. Babu linayaka maola oposa 1,200!

Koma kodi babu lingathandize ciani ngati m'nyumba mulibe magetsi? Edison anakumbukira makina ake a mavoti aja. Anthu sanali kufuna babu cabe. Anali kufuna kuwala m'nyumba zao. Conco anamanga malo opangira magetsi pa mseu wa Pearl Street ku New York. Anakumba pansi naikamo mawaya opita ku nyumba ndi m'maofesi. Pa 4 Sepitembala 1882 malaiti anayaka.

Mmodzi wa anthu aluso amene anagwira nchito m'kampani ya Edison anali Lewis Latimer. Iye anali munthu wakuda, mwana wa makolo amene anathawa ukapolo. Asanabwere kwa Edison, anali atapeza kale njira yabwino yopangira kaulusi ka m'babu.

Mu 1892 kampani ya magetsi ya Edison inaphatikizana ndi ina. Zinapanga kampani yaikulu yochedwa General Electric.

Kugwa ndi kudzukanso

Si zonse zimene zinamuyendera bwino. Edison anayambitsa kampani yophwanya miyala kuti acotsemo citsulo. Anagwira nchitoyi zaka zambiri, ndipo anaikapo ndalama zoculuka. Mwatsoka, anthu ena anapeza miyala ya citsulo yotsika mtengo ku Minnesota. Ogula onse anapita kumeneko. Kampani ya Edison inatsekedwa, ndalama zija n'kutayika.

Kodi anangokhala pansi n'kulira? Iyai. Anayang'ana makina ake ophwanya miyala, naganiza za cina cimene anthu afuna. Anthu anali kumanga nyumba ndi miseu. Conco anayambitsa kampani yopanga simenti, nagwiritsa nchito nzeru za makina omwe aja. Analinso ndi kampani yojambula mafilimu ndi ina yopanga mabatire.

Mu Disembala 1914 moto waukulu unabuka pa mafakitale ake ku West Orange. Nyumba zambiri zinapsa usiku umodzi. Edison anali ndi zaka 67. Ngakhale anali wokalamba, sanataye mtima. Iye ndi anchito ake anayamba kumanganso, ndipo nchito inapitiriza.

Thomas Edison anamwalira pa 18 Okutobala 1931, ali ndi zaka 84. Boma la America linapereka zikalata 1,093 za zinthu zimene anapanga. Cikalata coyamba cinali ca makina aja amene palibe anagula.

Mau atsopano

kampani: gulu la anthu ocita malonda kapena opanga zinthu zogulitsa

telegalafu: makina akale otumiza uthenga kudzera m'waya

galamafoni: makina akale oimba nyimbo

fakitale: nyumba yaikulu yopangiramo zinthu

Yankhani mafunso awa

1. Kodi Thomas Edison anabadwira kuti?

2. Ndani anamuphunzitsa atacoka kusukulu?

3. Kodi anali kugulitsa ciani m'sitima?

4. N'cifukwa ciani akuluakulu anakana makina owerenga mavoti?

5. Kodi Edison anaphunzirapo ciani pa makina amenewo?

6. Nanga anacita ciani kampani yophwanya miyala itatsekedwa?

Kambiranani

Khalani awiriawiri. Ganizirani vuto limodzi la kumudzi kwanu kapena m'komboni mwanu. Kodi mungapange ciani cothandiza anthu pa vutolo? Jambulani cithunzi cake m'mabuku anu, ndipo mulembe ziganizo ziwiri pansi pake.