Rocky Marciano: Wankhonya Wamfupi Amene Adaphunzira Kumenya ndi Kutchinga

Mwa anthu onse amene adakhalapo akatswiri a dziko lonse lapansi pa maseŵera a nkhonya, m'gulu la amuna olemera kwambiri, ndi oŵerengeka amene adayamba ntchitoyi akuoneka osayenera monga m'mene ankaonekera Rocky Marciano. Iye adali wamfupi, mikono yake idali yaifupi, mapazi ake adali olemera, ndipo adayamba kuphunzira nkhonya zenizeni pa msinkhu umene anzake amakhala atatchuka kale. Komabe munthu yemweyu adamenya nkhonya zolipidwa 49 napambana zonse, ndipo pa 43 mwa zimenezi mdani wake sadafike kumapeto. Mphamvu adabadwa nazo, koma luso la kumenya ndi la kutchinga adachita kuliphunzira movutikira, pamaso pa mphunzitsi wachikulire ndiponso pathumba lolemera lolendeŵera kudenga.

Adabadwa pa 1 Sepitembala 1923 mumzinda wa Brockton, m'chigawo cha Massachusetts ku America, ndipo dzina lake lobadwa nalo lidali Rocco Francis Marchegiano. Makolo ake adachokera ku Italy. Bambo ake, a Pierino, ankagwira ntchito m'fakitale yosoka nsapato, ntchito yotopetsa ndi ya malipiro ochepa, ndipo mwanayo adakula ndi mantha akuti nayenso adzakalambira m'fakitale momwemo. Ali wakhanda adadwala chibayo mpaka kutsala pang'ono kumwalira, koma adachira nakula ali mnyamata wojintcha. Sukulu adaisiyira panjira, nayamba maganyu okumba ngalande ndi onyamula malasha. Kuseri kwa nyumba yawo adapachika pamtengo thumba lonyamulira makalata ataliphathika zinthu m'kati, ndipo ankalimenya pofuna kulimbitsa thupi. Panalibe womulangiza za kaimidwe kapena za kaponyedwe ka dzanja, choncho thumba loyambali lidampatsa mphamvu pamodzi ndi zizoloŵezi zoipa zimene pambuyo pake zidavuta kuchotsa.

Mtima wake nthaŵi imeneyo udali pa baseball, maseŵera omenya kampira ndi chibonga amene anthu a ku America amaŵakonda kwambiri. M'chaka cha 1943 adaitanidwa ku usilikali pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, natumizidwa ku Swansea m'dziko la Wales, kumene ankathandiza kutumiza katundu wa asilikali pa zombo zopita ku Normandy. Ku usilikali komweko ndiko adayamba kumenya nkhonya zosalipidwa, ndipo m'mipikisano imeneyi adavulala dzanja. Atabwera ku nkhondo adakayesa mwayi wake mu 1947 ku timu ya baseball ya mumzinda wa Fayetteville, yomwe idali nthambi ya Chicago Cubs, koma adambweza patangopita milungu yoŵerengeka. Tsono njira yokhayo yothaŵira fakitale ya nsapato idatsala nkhonya.

Mnzake wa paubwana, Allie Colombo, ndiye adamlimbitsa mtima, ndipo m'chaka cha 1948 aŵiriŵa adafika ku New York kwa a Al Weill, mkulu wodziŵika woyendetsa ntchito za ankhonya. A Weill adampereka mnyamatayo m'manja mwa mphunzitsi wawo, a Charley Goldman. A Goldman adali bambo wamng'ono thupi, wobadwira ku Warsaw nakulira ku Brooklyn, amene pa unyamata wawo adamenya nkhonya zambirimbiri m'gulu la anthu opepuka, mwakuti zala zawo zidali zopindikapindika. Zimene adaona tsiku limenelo sizidali zolimbikitsa. Mnyamatayo ankatangadza miyendo mopitirira muyeso, ankaponya nkhonya kuchokera kutali ngati munthu woponya mwala, ndipo akaphonya ankadzandira n'kusiya nkhope yake pambalambanda. Dzanja lamanzere silinkagwira ntchito kwenikweni. Koma dzanja lamanja likapeza munthu, munthuyo ankagwa. A Goldman adazindikira kuti mphamvu yotereyi siiphunzitsika, pamene zina zonse zotsalazo zikhoza kuphunzitsika, ndipo adasamala kuti pokonza zolakwikazo asaononge nkhonya yachibadwayo.

Adayambira ku mapazi, pakuti nkhonya yamphamvu imachokera pansi. Phazi limakankha nthaka, chiuno chimatembenuka, pheŵa limatsatira, ndipo dzanja limangofikitsa kulemera kwa thupi lonse. Munthu wotangadza miyendo kwambiri sangathe kutembenuza chiuno, ndiponso sangathe kusuntha msanga akafuna kuzinda. Motero a Goldman ankamanga akakolo a Rocky ndi chingwe chachifupi pochita maphunziro, kuti akangotaya phazi patali chingwecho chimkumbutse. Pang'onopang'ono adazoloŵera kuyenda timapazi tatifupi, thupi lili pakati pa miyendo yake.

Chachiŵiri chidali msinkhu. Rocky adali wotalika pafupifupi masentimita 179, ndipo akatambasula mikono yonse iŵiri inkangokwana mainchesi 68, ndiye kuti masentimita 173, muyeso wochepa kwambiri kwa munthu wa m'gulu lake. Polemera ankafika makilogalamu 84 kapena 85 basi. Nzeru ya a Goldman idali yakuti munthu wamtali ayenera kumenya ngati wamtali, ndipo wamfupi adzifupikitse koposa. Choncho adamphunzitsa kupinda maondo ndi kuŵerama, atapendekera kumanja, chibwano chili pachifuwa kuseri kwa pheŵa, mikono ili pafupi ndi nthiti. Munthu wamtali pofuna kumenya mutu umene uli pansi chotere amayenera kumenya chotsitsa, ndipo nkhonya zambiri zinkangopitirira pamwamba kapena kugwera pamapeŵa ndi pamikono. Kuŵerama komweko kunkampatsanso Rocky mphamvu, chifukwa podzuka ankabwera ndi thupi lonse.

Chachitatu chidali kufupikitsa nkhonya. Nkhonya yochokera kutali imaonekera, imachedwa, ndipo imasiya khomo lotsekula. A Goldman adamphunzitsa kuloŵa pafupi ndi mdani n'kumenya nkhonya zazifupi, namzoloŵeza kugwiritsa ntchito dzanja lamanzere, lowongoka ndi lokhota lomwe, kuti lamanja lisamayende lokha.

Zonsezi zinkayesedwa pathumba lolemera, ndipo apa ndi pamene khama la Rocky lidaonekera. Matumba wamba ankamchepera, motero adapangitsa lake la iye yekha lolemera pafupifupi mapaundi 300, kapena kuti makilogalamu oposa 120. Maganizo ake adali akuti munthu wozoloŵera kugwedeza thumba lotere sangavutike ndi mdani wa mapaundi 200. Thumba lopepuka limathaŵa likamenyedwa, ndipo wophunzira amayamba kulikankha m'malo molimenya. Thumba lolemera limaima nji, ndipo limaulula msanga ngati dzanja lapindika pamfundo kapena ngati nkhonya yafika popanda thupi kumbuyo kwake. N'chifukwa chake ankhonya amakulunga manja ndi nsalu asanavale magolovesi, namenya mkono ndi chibakera zili pa mzere umodzi.

Koma thumba lili ndi chinyengo chimodzi chimene aphunzitsi onse amachidziŵa: silibwezera. Wophunzira akhoza kulimenya manja ali m'chiuno, chibwano chili m'mwamba, osalandira chilango chilichonse, ndipo chizoloŵezi chimenechi amapita nacho m'bwalo. Tsono ntchito ya mphunzitsi woima pambali pa thumba ndiyo kuyang'ana dzanja limene silikumenya, ngati lili patsaya, ndiponso limene lamenyalo, ngati labwerera msanga kudzera njira imene lidapitira. Amayang'ananso ngati mutu wasuntha nkhonya ikatha, ndi ngati mapazi akuzungulira thumbalo m'malo mongoima pamodzi. Wophunzira wanzeru amaliyesa thumbalo munthu wamoyo, nalimenya m'ndime za mphindi zitatu zitatu, n'kupumula mphindi imodzi pakati, monga zimakhalira pa nkhonya zenizeni. Kwa Rocky, amene mwachibadwa ankangofuna kumenya basi, phunziro la kutchinga ndilo lidatenga zaka.

Kuyambira mu Julaye 1948 adamenya kaŵirikaŵiri mumzinda wa Providence, ndipo kumeneko ndi kumene dzina lake lidafupikitsidwa kukhala Marciano, popeza wolengeza ankalephera kutchula Marchegiano. Nkhonya zake zoyamba 16 zonse zidatha nthaŵi isanakwane. Pa 30 Disembala 1949, ku Madison Square Garden, adagwetsa Carmine Vingo m'ndime yachisanu ndi chimodzi. Vingo adakomoka natengeredwa kuchipatala magazi atatayikira mu ubongo, ndipo kwa masiku angapo adali pakati pa moyo ndi imfa. Adachira, koma sadamenyenso nkhonya. Nkhaniyi idamsautsa mtima Rocky, pakuti adaona ndi maso ake chimene mphamvu yokuliridwa pathumba ingachite pa mutu wa munthu. M'mwezi wa Malichi 1950 adapambana Roland La Starza movutikira kwambiri, oŵeruza atagaŵikana maganizo, ndipo zidaonekeratu kuti munthu waluso ndi wochenjera akadathabe kumuzunguza. Pa 26 Okotobala 1951 adagonjetsa Joe Louis m'ndime yachisanu ndi chitatu. Louis adali ndi zaka 37, ndipo ndiye amene Rocky ankamsirira ali mwana, mwakuti atapambana adakalira m'chipinda chovalira cha mkuluyo.

Tsiku lalikulu lidafika pa 23 Sepitembala 1952 mumzinda wa Philadelphia, pamene adakumana ndi mwini lamba wa dziko lonse, Jersey Joe Walcott. M'ndime yoyamba yomwe Walcott adapeza mpata namgwetsa ndi nkhonya yokhota ya kumanzere, ndipo aka kadali koyamba kuti Rocky agwe chiyambire nkhonya zolipidwa. Adadzuka msanga, koma Walcott adapitiriza kumposa nzeru, ndipo m'ndime zapakati maso a Rocky adachita chidima ndi mankhwala amene adaloŵamo. Pofika ndime ya 13 oŵeruza onse atatu adali ataika Walcott patsogolo. Pamenepo Walcott adabwerera cham'mbuyo kufika kuzingwe, ndipo onse aŵiri adaponya dzanja lamanja nthaŵi imodzi. Nkhonya ya Rocky idali yaifupi ndi yowongoka, motero idafika poyamba, pachibwano penipeni. Walcott adagwa osadzukanso kufikira woimbira atatha kuŵerenga khumi. Rocky wa 1948 akadaiponya nkhonya imeneyi kuchokera kutali, ndipo ikadachedwa. Zaka zinayi za a Goldman zidabala chipatso m'kamphindi kameneko.

Lamba ameneyu adamteteza kasanu ndi kamodzi. Walcott adagwanso mu Meyi 1953, m'ndime yoyamba. M'mwezi wa Sepitembala chaka chomwecho La Starza adabwereranso ali wotchinga bwino, koma Rocky adammenya m'mikono ndi m'mapeŵa mosalekeza, monga ankachitira ndi thumba lake, mpaka mikonoyo idalephera kukwera, ndipo woimbira adaimitsa nkhonyayo m'ndime ya 11. Mu 1954 adakumana kaŵiri ndi Ezzard Charles. Ulendo woyamba adamenyana ndime zonse 15 ndipo oŵeruza adapatsa Rocky. Ulendo wachiŵiri mphuno ya Rocky idang'ambika koopsa, mwakuti nkhonyayo idatsala pang'ono kuimitsidwa, koma iye adagwetsa Charles m'ndime yachisanu ndi chitatu. Mu 1955 adagonjetsa Don Cockell wa ku England mumzinda wa San Francisco, kenaka Archie Moore ku Yankee Stadium pa 21 Sepitembala. Moore adamgwetsa m'ndime yachiŵiri, ndipo kameneka kadali kachiŵiri ndi komaliza kuti Rocky agwe, koma adadzuka nathetsa nkhonyayo m'ndime yachisanu ndi chinayi.

Chimene chinkamthandiza kupirira zonsezi chidali kukonzekera. Nkhonya ikayandikira ankadzipatula kwa miyezi ku Grossinger's, m'mapiri a Catskill, kutali ndi mkazi wake Barbara ndi mwana wawo. Ankathamanga mitunda yaitali tsiku ndi tsiku, ngakhale pamene panalibe nkhonya yokonzekera, ndipo ankasamala zakudya ndi nthaŵi yogona. Motero ankatha kumenya ndime yomaliza ndi mphamvu zofanana ndi za ndime yoyamba. Paja akuluakulu adati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiŵa.

Odziŵa za nkhonya sagwirizana pa za malo ake pakati pa akatswiri. Ena amakumbutsa kuti Louis, Walcott ndi Moore adali atakula kale pamene adakumana naye, ndiponso kuti iye sadafike pokhala wankhonya wokongola kumuonera. Zipsera za pankhope yake zinkachitira umboni kuti nkhonya zambiri zinkampezabe. Koma ambiri mwa amene adamenyana naye adapeza kuti adali wovuta kumlasa bwino kuposa m'mene ankaonekera kwa anthu okhala pamipando, ndipo kugwa kaŵiri kokha pa nkhonya 49 ndi umboni wakuti kuŵerama kuja kudagwira ntchito yake.

Adalengeza zosiya nkhonya pa 27 Epulo 1956, ali ndi zaka 32, ndipo ngakhale adanyengereredwa ndi ndalama zambiri sadabwererenso m'bwalo. A Goldman adamwalira mu 1968. Chaka chotsatira, pa 31 Ogasiti 1969, Rocky adakwera kandege kakang'ono kuchokera ku Chicago kupita ku Des Moines, ndipo usiku, nyengo itaipa, kandegeko kadagwa pafupi ndi mzinda wa Newton ku Iowa. Anthu onse atatu amene adali m'menemo adafera pomwepo. Kudali kutatsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 46. Adaikidwa ku Fort Lauderdale, m'chigawo cha Florida.

Larry Holmes adayandikira chiŵerengero chake pamene adapambana nkhonya 48 motsatizana, koma adagonja kwa Michael Spinks pa 21 Sepitembala 1985, patatha zaka 30 zenizeni kuchokera tsiku limene Rocky adamenya nkhonya yake yomaliza. Mu 2012 chifanizo chake chachikulu chidaimikidwa pa sukulu ya sekondale ya ku Brockton, mumzinda momwe muja adayambira kumenya thumba la makalata lolendeŵera pamtengo.