Vincent Ferrer, Mlaliki wa ku Valencia

M'dziko la Spain, m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, muli mudzi waukuru dzina lache Valencia. Dziko lozinga mudziwo ndi lachonde, ndipo anthu alimako mpunga ndi malalanje ochuruka. Chaka ndi chaka, atapita masiku asanu ndi atatu chipitire Pasaka, tsiku Lolemba, anthu a m'mudzimo aleka nchito zao nachita phwando. M'mabwalo ndi pamphambano za miseu amanga nsanja zokometsedwa ndi nsaru ndi maluwa, ndipo pamwamba pache aimikapo chifanizo cha munthu wobvala mwinjiro woyera ndi chopfunda chakuda, chala chache chitaloza kumwamba. Pa nsanjazo akwerapo ana, nasewera masewero a zozizwa zimene makolo anena kuti munthuyo anazichita. Munthuyo ndiye Vincent Ferrer, amene anamwalira zaka zoposa 600 zapitazo.

Vincent anabadwa pa 23 January 1350. Atate wache, Guillem Ferrer, anali mlembi wa makalata a mapangano, ndipo amai wache anali Constança Miquel. Nyumba yao inali pa mseu wopita kunyanja, ndipo chitsime cha m'nyumbamo chilipobe lero; anthu akamwako madzi pa tsiku la phwando. Pokhala wa zaka 17, mnyamatayo analowa m'chipani cha a Dominiko, amene nchito yao yaikuru ndiyo kulalikira. Anaphunzira ku Barcelona, ku Lleida ndi ku Toulouse, nalandira unsembe, nabwerera kwao kukaphunzitsa za Mulungu m'tchalitchi chachikuru cha Valencia.

Masiku amenewo Eklezia anali pa tsoka lalikuru. M'chaka cha 1378 akardinala anasankha Papa ku Roma, koma patapita miyezi yowerengeka ambiri a iwo anamkana, nasankha wina amene anakakhala ku Avignon. Tsono Akristu a ku Ulaya anagawanika pawiri, mafumu ena natsata uyu, ena natsata uyo. Vincent anabvomereza wa ku Avignon ndi mtima wonse. Bwenzi lache lapamtima linali kardinala wa ku Aragon, Pedro de Luna, munthu wanzeru ndi wa makhalidwe abwino, koma wouma khosi. M'chaka cha 1394 Pedro de Luna anasankhidwa kukhala Papa wa ku Avignon, natenga dzina la Benedict XIII, naitana Vincent kuti adzikhala naye ndi kumva kulapa kwache. Asanamsankhe, Benedict analumbira kuti adzatula udindowo ngati kutero kudzagwirizanitsa Eklezia. Vincent analisunga lumbirolo mumtima mwache.

M'chaka cha 1398 Vincent anadwala nthenda yaikuru, nakhala pafupi kufa. Atachira ananena kuti Ambuye anamuonekera m'kudwala kwache namtuma kukalalikira kulapa. Benedict anafuna kumletsa pakumpatsa ukardinala, koma iye anaukana. Pa 22 November 1399 anaturuka m'Avignon ndi ndodo m'dzanja, ndipo kuyambira tsikulo sanakhalenso ndi nyumba ya iye yekha.

Zaka pafupifupi 20 anayenda m'maiko a Spain, France, Italy ndi Switzerland. Poyamba anayenda pansi, koma mwendo wache utachita chironda anakwera pa buru. Sanali kudya nyama. Mamawa anali kuimba Misa, pambuyo pache nalalikira maora awiri kapena atatu, kawiri kawiri pabwalo, pakuti anthu sanali kukwana m'matchalitchi. Analankhula chinenero cha kwao cha ku Valencia, ndipo anthu a maiko ena anachitira umboni kuti anamva mau ache. Anakonda kuphera mafanizo pa zinthu za kumunda, za kumsika ndi za pamoto, koma mutu wa ulaliki wache unali woopsya, ndiwo tsiku la chiweruzo. Amene anali ndi udani anayanjana pamaso pache. Khamu la anthu linamtsata mudzi ndi mudzi, ena a iwo akudzikwapula okha chifukwa cha machimo ao. Alembi analemba maulaliki ache pamene iye anali chilankhulire, ndipo ambiri asungidwa kufikira lero.

Koma mbiri yache iri ndi chirema chimene sichiyenera kubisika. M'Spain munali Ayuda ndi Asilamu ambiri. Vincent anatsutsa amene anali kupha Ayuda, komabe analola kuti akuru a midzi awakakamize kudzamva ulaliki wache. M'chaka cha 1412 dziko la Castile linaika malamulo, potsata uphungu wache, akuti Ayuda akhale m'dera la okha ndi kuleka nchito zambiri zimene anali kudyerapo. Ochuruka anabatizidwa chifukwa cha mantha ndi umphawi, ndipo ana a Ayudawo sakumbukira dzina la Vincent mokondwa.

Kwao ku Valencia anachita chinthu china chimene chakhalitsa. M'chaka cha 1410 anaona ana amasiye akungoyendayenda m'miseu, nawasonkhanitsa, nawapezera nyumba ndi owalera. Sukulu ya ana amasiye imene inayamba potero ikalipo. Chaka chomwecho mfumu Martin ya ku Aragon inafa yopanda mwana wolowa ufumu, ndipo nkhondo inali pafupi kubuka. Anthu anasankha oweruza 9 kuti akumane ku Caspe, mmodzi wa iwo Vincent, wina mbale wache Boniface. Pa 28 June 1412 Vincent ndiye anaimirira pamaso pa anthu nalengeza kuti mfumu ndi Ferdinand.

Chiyeso chachikuru chinamfika ali wokalamba. Apapa anali atafika atatu, ndipo akuru a Eklezia anasonkhana ku Constance kuti athetse chisokonezocho. M'chaka cha 1415 wina anachotsedwa, wa ku Roma natula udindo mwa kufuna kwache. Anatsala Benedict yekha. Mfumu Ferdinand ndi mfumu yaikuru Sigismund anakomana naye ku Perpignan nampempha kuti atule, koma anakana. Vincent nayenso anamdandaulira, namkumbutsa lumbiro lija. Nkhalambayo inakanabe, nichoka kukadzitsekera m'linga la Peñíscola, pa thanthwe lolowa m'nyanja. Tsono Vincent anali pakati pa zinthu ziwiri zowawa. Mumtima mwache anakhulupirirabe kuti Benedict anasankhidwa moyenera, ndipo ubwenzi wao unali wa zaka zoposa 30. Koma anaona kuti munthu mmodziyo ndiye akutsekereza mtendere wa Akristu onse. Pa 6 January 1416, tsiku la Epifania, analalikira ku Perpignan pamaso pa khamu lalikuru, nawerenga kalata ya mfumu yonena kuti dziko la Aragon laleka kumvera Benedict. Popeza mau anaturuka m'kamwa mwa Vincent, anthu anawalandira. M'chaka cha 1417 a ku Constance anasankha Martin V, ndipo kugawanika kwa zaka 39 kunatha. Benedict anafera m'linga lache m'chaka cha 1423, akudzitchabe Papa.

Vincent sanabwererenso kwao. Anankabe kumpoto, nafika ku Brittany, m'dziko la France, kumene anamwalira m'mudzi wa Vannes pa 5 April 1419. Manda ache ali m'tchalitchi chachikuru cha kumeneko. M'chaka cha 1455 Papa Callixtus III, amene anali wa dziko la Valencia lomwelo, anamlemba m'gulu la oyera.

Popeza tsiku la 5 April ligwa kawiri kawiri m'nyengo ya Lenti, pamene sipayenera chikondwerero, anthu a ku Valencia analisunthira pambuyo pa Pasaka. Ana aphunzira mau a masewero ao masabata ambiri, m'chinenero chomwecho chimene Vincent analalikira nacho. Sewero lina lodziwika ndi la kansaru. Akuti tsiku lina, ali kulalikira pafupi ndi msika, Vincent anauza anthu kuti m'mudzimo muli banja lakufa ndi njala. Anthu atafunsa kumene liri, iye anaponya kansaru kache kopukutira m'mwamba. Kansaruko kanauluka pamwamba pa madenga, anthu nakatsata, kufikira kanalowa pa zenera la nyumba ina, ndipo anapeza momwemo anthu atalefuka ndi njala, nawadyetsa. Nsanja ina ya m'mudzimo itchedwa ndi dzina la kansaruko, Mocadoret.

Masewero atatha, usiku wa Lolemba, anthu asonkhana ndi zoimbira ndi mizinga ya moto, natsitsa chifanizo pa nsanja iri yonse, napita nacho kukachisunga kufikira Pasaka wina.