Yohane Woyera wa Mtanda, mlakatuli wa usiku wa mdima

Pa 14 Disembala Eklezia amakumbukira Yohane Woyera wa Mtanda, wansembe wa chipani cha Akarmeli. Iye anabadwa mu 1542 ku Fontiveros m'dziko la Spain. Bambo ake anamwalira iye akadali wamng'ono, ndipo mayi ake, Catalina, analera ana movutikira ndi ntchito yowomba nsalu. Ali mnyamata ku Medina del Campo, ankasamalira odwala m'chipatala kwinaku akuphunzira kwa Ajezwiti. Analowa m'chipani mu 1563, nalandira unsembe mu 1567. Chaka chomwecho anakumana ndi Teresa Woyera wa ku Ávila, amene anamupempha kuti agwirane manja pobwezeretsa moyo waumphawi ndi wa mapemphero m'chipanimo.

Ntchitoyi inamupalira adani pakati pa abale ake omwe. Mu Disembala 1577 anamugwira usiku n'kukamutsekera m'kachipinda kamdima ku Toledo. Kumeneko ankamukwapula, chakudya chinali chochepa, ndipo Misa sankaloledwa kuchita. Popeza poyamba analibe pepala, ankapeka ndakatulo n'kumazisunga pamtima. Mu Ogasiti 1578 anathawa potsika khoma ndi chingwe cha mabulangete ong'amba.

Ndakatulo yake yotchuka, ya Usiku wa Mdima, ili ndi ndime 8 zokha. Imasimba za mkazi amene akuzemba m'nyumba usiku anthu onse atagona, kupita kukakumana ndi wokondedwa wake. Alibe nyali, koma moto wa mumtima mwake ndiwo ukumulondolera njira. Woiwerenga mothamanga angayese ndi nyimbo ya chibwenzi. N'chifukwa chake Yohane analemba mabuku awiri oimasulira, lina lotchedwa Kukwera Phiri la Karmeli, linalo Usiku wa Mdima. Tanthauzo lake linali lakuya kotero kuti m'mabuku onse awiri sanafike ngakhale pakati pa ndakatuloyo.

M'kumasulira kwake, mkaziyo ndi mzimu wa munthu, wokondedwayo ndi Khristu, ndipo nyumba yogonayo ndi zilakolako zimene zakhala chete. Usiku uli ndi zigawo zitatu. Chisisira ndi nthawi imene munthu amasiya zimene mtima wake unakangamira. Pakati pa usiku ndi chikhulupiriro, pamene nzeru siziona kanthu. M'bandakucha ndi Mulungu mwini, amene ali pafupi ngakhale maso sanamuone.

Apa ndi pamene chiphunzitso chake chimakhudza Akhristu ambiri. Alipo amene kale ankapemphera mpaka misozi, koma lero korona imawalemera ndipo Misa imatha mtima uli gwa. Ena amasiya tchalitchi poganiza kuti Mulungu wawataya, ena amayendayenda kufunafuna kumene angamvenso kukoma. Yohane anayerekeza Mulungu ndi mayi amene akuletsa mwana kuyamwa: amapaka zowawa kubere, namutsitsa pansi kuti aphunzire kuyenda yekha. Mwana amalira, koma chikondi cha mayi sichinathe.

Komabe sanaphunzitse kuti kuuma kulikonse n'kochokera kwa Mulungu, pakuti kwina kumadza ndi ulesi, tchimo kapena matenda. Anapereka zizindikiro zitatu zoyenera kuoneka pamodzi. Munthu sapeza kukoma m'zinthu za Mulungu ngakhalenso m'zinthu za dziko. Amadandaula kuti mwina sakumutumikira bwino, kusonyeza kuti mtima ukadali kwa Iye. Ndiponso amalephera kusinkhasinkha monga ankachitira kale. Wotereyu asaleke kupemphera, koma akhale chete pamaso pa Mulungu ndipo afunse uphungu kwa bambo wauzimu.

Iye mwini anakhala zimene analemba. Mu 1591 anamuchotsa pa maudindo onse, ena akufuna kumutulutsa m'chipani. Anamwalira ku Úbeda pa 14 Disembala chaka chomwecho, ali ndi zaka 49. Papa Benedict XIII anamulengeza kukhala woyera mu 1726, ndipo mu 1926 Papa Pius XI anamutcha Mphunzitsi wa Eklezia.

Yohane Woyera wa Mtanda, mupempherere onse amene akuyenda mumdima.